Nkhanu, Mlonda wa Chipata cha Mpasa

Padangokhala. Amene tili tonse avomere, amene akuodzera asadzatifunse mawa.

Kale, mbalame ndi nyama zodya nsomba zinali ndi mfumukazi yawo, dzina lake Vuwo, mbalame yoyera ija ya thumba pakhosi. Anthu ake anamanga biyo, mpanda wa mabango wodula mtsinje kuyambira tsidya lino mpaka tsidya lija, ndipo m'mipata ya biyolo anatcheramo miono. Pakati penipeni anasiyapo chipata chopanda mono. Mlonda wa chipatacho anali Nkhanu, mayi wamfupi, wamakani, woyenda chammbali, amene pakamwa pake sipankatha nkhani.

Ntchito ya Nkhanu inali iyi. Mpasa zikamakwera mtsinje kukaikira mazira, zinkaima kumunsi kwa biyo n'kuyamba nyimbo. Nyimboyo inkangofunsa chinthu chimodzi, mobwerezabwereza, ngati njira ya kwawo ili yotsegula. Nkhanu ankayankha poomba m'manja katatu, pha pha pha, ndipo mpasazo zinkadutsa pamsana pake. Zopupuluma zopatukira m'mbali zinkalowa m'miono n'kukhala ndiwo za anthu a Vuwo. Zodutsa pakati panalibe wozikhudza.

Tsono inu mukamva zoti mpasa mumayesa ndi chinthu chimodzi. Nkhanu ankadziwa kuti ndi mafuko atatu, chifukwa mimba zawo zinkakhula msana wake chaka ndi chaka. Oyamba anali Amatope, onenepa, a mimba zofunda, obwera ndi mvula yoyamba madzi ali psuu. Amenewa ankaikira mazira m'maudzu omira, ndipo ankaimba ndi mawu a pansi ngati amuna a pamaliro. Achiwiri anali Amiyala, obwera mvula ikamakata, oikira pa timiyala ta pakati pa mtsinje, ndipo mawu awo anali ovomera. Otsiriza anali Achisanu, ochepa, owonda, akuda, a mimba zozizira, obwera ndi chiperoni. Iwowa ankakwera mpaka kukasupe wa kumtunda, ndipo timawu tawo tinali ngati ta udzudzu. Nyimbo inali imodzi, koma popeza mafukowa ankabwera nthawi zosiyana, panalibe amene anaimvapo yonse pamodzi.

Chaka china Vuwo anaika kapitawo watsopano wa miono, Mphipi, mbalame yakuda ija yomira m'madzi. Anali wochokera kunyanja, wolankhula mothamanga, wosadikira kuti mnzake amalize mawu.

"Amayi," anatero Mphipi atagwada pamaso pa Vuwo, "ndamira kumunsi, ndaona ndi maso angawa. Mpasa zilipo zosati masewera. Nanga chipata chija chimangokhala yasa chaka chonse chifukwa chiyani?"

"Ndi mwambo," anayankha Vuwo.

"Mwambowo tidya? Mpasa ndi mpasa, amayi. Dzina limodzi, minga yofanana. Titchere mono pachipata nthawi imene zonenepa zikukwera, tidye zonse. Zobwera m'mbuyo zidzaswa ana odzaza mtsinje."

Vuwo anameza malovu, thumba lake n'kugwedezeka. Anaitanitsa Nkhanu.

"Iwe Nkhanu, mpasa zonenepa zimabwera liti?"

Abale inu, pakamwa! Nkhanu ataona kuti mfumukazi yeniyeni ikufunsa nzeru kwa iye, anatupa ngati chule. Anafotokoza zonse, za mvula yoyamba, za nyimbo, mpaka zoti mpasa sizisuntha zisanamve kuomba katatu. Atamaliza ndi pamene anamuuza chimene ankafunsira.

"Iyayi amayi, pepani, si amodzi amenewa!" anakuwa Nkhanu. "Amiyala sadziwa njira ya kumaudzu. Achisanu sangaswe mwana wa Amatope. Mukatha fuko limodzi, latha basi."

"Mayi inu mumaona ndi msana," anatero Mphipi. "Ine ndimaona ndi maso. Amayi asankhe woti amumvere."

Vuwo anamvera wa maso.

Mvula yoyamba itagwa, Mphipi anatchera mono waukulu kuseri kwa chipata, n'kuumanga ndi luzi. Amatope anafika, anaima kumunsi, anayamba nyimbo yawo ya mawu a pansi, kufunsa ngati njira ya kwawo ili yotsegula. Mphipi anaika nsonga ya mlomo wake padiso la Nkhanu.

"Yankhani, mayi."

Ndisakunamizeni, Nkhanu anaomba. Anaopa kutaya diso lake, ndipo anaomba katatu. Amatope anadutsa pamsana pake, mimba zawo zofunda zikumusisita, ena mpaka kumupatsa moni, n'kulowa m'mono onse. Zinatero chaka chimenecho, chaka chotsatira, ndi chinanso. Anthu a Vuwo ananenepa mpaka makosi kusowa. Chaka chachinayi mvula yoyamba inagwa, madzi anafiira, Nkhanu anakhala pachipata masiku khumi, ndipo pamsana pake panadutsa zinyalala zokha.

"Zachedwa chabe," anatero Mphipi. "Tsopano tidye zachiwirizo. Zakuda zija ziswa ana odzaza mtsinje."

Nkhanu manyazi anamugwira, mtima unamuwawa, koma mutu wake unali usanagone. Anapeza chigoba cha nkhono pafupi ndi pamene Vuwo ankadyera, analowamo masana dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kuimba mawu a Amatope. Chigobacho chinakuza mawu ake, anamveka ngati akuchokera pansi pa nthaka. Vuwo anasiya kudya. Nkhanu anatuluka mwakachetechete, anazungulira kuseri kwa bango, n'kutulukira kutsogolo ngati wangofika kumene.

"Iwe Nkhanu, wamva? Akuimbawo ndani?"

"Ndi Amatope, amayi. Akufunsa njira."

"Si tinawadya amenewo?"

"Munawadya, amayi. N'chifukwa chake akufunsa inu."

Vuwo nthenga zinaima. Analamula kuti mono wa pachipata uchotsedwe tsiku lomwelo. Koma Mphipi anayendayenda pamatope, mutu uli pansi, mpaka anaima pa chigoba chija.

"Amayi, bwerani mudzaone," anatero. "Mizimu yoyenda chammbali ndayamba kuiona lero."

Mapazi a Nkhanu anali pomwepo, kulowa m'chigoba ndi kutuluka. Mphipi anaphwanya chigobacho, phwa, ndipo mono unabwerera pachipata.

Mvula itakata, Amiyala anafika. Anaima kumunsi n'kuimba mawu awo ovomera, ngakhale oyambitsa nyimboyo anali atatha, kufunsa ngati njira ya kwawo ili yotsegula. Mphipi anaika mlomo padiso la Nkhanu. Nkhanu anaomba kawiri, pha pha, kenaka anagwa chagada n'kuyamba kubuula.

"Mayo ine, nyamakazi! Dzanja langa lauma, a kapitawo!"

"Kachitatu, mayi."

"Ndikufuna, a kapitawo, koma dzanja lakana. Kolowolani diso ngati mukufuna, nanga diso ndi limene limaomba?"

Amiyala anadikira kachitatu osakamva. Anadikira tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu, ndipo ena anayamba kubwerera. Nkhanu ankaseka chamumtima. Koma Mphipi, ngakhale anali wopanda nzeru za mawa, za lero anali nazo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatola bango louma, analigogoda ndi mlomo katatu, pha pha pha, ndipo Amiyala anathamangira m'mono. Kuyambira pamenepo Mphipi sanafunenso manja a Nkhanu. Zaka zitatu anagogoda yekha bango lake, ndipo chaka chachinayi timiyala ta pakati pa mtsinje tinamera ndere.

Njala inalowa. Katumbu anayamba kudya achule, Ng'azi anayamba kuba mazira a anzake, ndipo Vuwo mwini wake ankadya timatemba towerengeka tomwe ankamutolera m'lichero. Aliyense ankayang'ana kumwamba kudikira chiperoni.

"Zakuda zija zikubwera," anatero Mphipi pabwalo. "Ndi zowonda, komabe ndi mpasa. Tidye."

"Nanga woswa ana adzakhala ndani, a kapitawo?" anafunsa Nkhanu. "Paja munkati ndi iwowa."

"Nyanja ndi yaikulu, mayi. Itumiza zina."

"Zina ziti? Za m'maudzu zija inatumiza?"

"Khalani chete," anatero Vuwo. "Ndili ndi njala."

Tsiku lomwelo Nkhanu anatsika ndi mtsinje, chammbali chammbali, mpaka anakumana ndi Achisanu akupuma padziwe lina. Wowatsogolera anali Nachisanu, mpasa yokalamba ya chipsera pamphuno, imene inadutsa pamsana pa Nkhanu zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse inkamufunsa za ana ake.

"Mnzanga, bwererani," anatero Nkhanu akupumira m'mwamba. "Pachipata pali mono. Mukamva kuomba katatu, si ine, ndi bango."

"Tibwerere kuti, mayi a pachipata? Mazira akhwima."

"Kaikireni m'maudzu. Kaikireni pamiyala. Malo ali mbwee, eni ake kulibe."

Nachisanu anamubwezera funso.

"Inu mungayende molunjika?"

"Ayi."

"Ifenso sitidziwa kwina. Tinabadwira kukasupe, ndipo mazira athu amaswa m'madzi ozizira okhaokha. Mkuja tifika pachipata, tidzaimba. Tikadzamva katatu tidzalowa, chifukwa thupi silidzatilola kuima. Eni ake a maudzu aja anapita kuti, mayi?"

Nkhanu anatembenuka. Anabwerera akulira, chifukwa ankadziwa kuti manja amene anaitanira Amatope m'mono anali ake. Anatsimikiza mumtima kuti awa okha, kaya afe, adutsa.

Mkuja unafika ndi chiperoni. Kunja kunali mbuu, kamvula kakuwaza mosalekeza. Anthu onse a Vuwo anasonkhana pabiyo, njala ili m'maso. Nkhanu anadzipaka matope, analowa m'lichero la mfumukazi, n'kubisala pansi pa timatemba. Vuwo anafika, anawola zonse ndi mlomo kamodzi. Timatemba tinatsika kukhosi, koma Nkhanu anagwira pakona ya thumba ndi dzanja lake lalikulu, n'kukhala phee.

"Kamunga kandiima pakhosi," anadandaula Vuwo.

Pomwepo kamungako kanayamba kuimba. Mawu a pansi a Amatope anatuluka m'thumba la mfumukazi, kufunsa ngati njira ya kwawo ili yotsegula. Vuwo anatembenukira kumanja, nyimbo inali pomwepo. Anatembenukira kumanzere, inali pomwepo. Anauluka m'mwamba, inakwera naye. Anatera n'kumiza mutu m'madzi, ndipo inamveka kwambiri kuposa kale. Kenaka nyimbo inaleka, ndipo mawu aja analankhula pang'onopang'ono kuchokera pansi pa lilime lake.

"Munatitsekera njira ya kwathu. Mazira athu tiikira muno."

"Gwetsani biyo!" anakuwa Vuwo. "Chotsani mono! Chotsani zonse!"

Katumbu ndi Ng'azi anathamangira kumabango, koma Mphipi anawaimitsa ndi phiko.

"Dikirani. Amayi, tayasamulani ndione."

"Muli akufa muno!" anatero Vuwo.

"Akufawo ndiwaone nkhope. Yasamulani, amayi."

Vuwo anayasamula. Mphipi analowetsa mutu, anagwira Nkhanu mwendo n'kukoka. Nkhanu anakakamira. Mphipi anakokanso, ndipo dzanja lalikulu la Nkhanu linathyoka, thyo, n'kutsalira m'thumba momwemo. Mwini wake anaponyedwa pamchenga pamaso pa onse.

"Nawu mzimu wanu," anatero Mphipi. "Wamatope, wa dzanja limodzi."

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene anali ndi mantha. Nkhanu anagona pamenepo, nzeru zitamuthera. Anayesa katatu ndipo katatu konse anagwidwa. Mono unali pamalo pake, luzi lili gwa, ndipo Mphipi anali atatola kale bango lake.

Kuseka kusanathe, nyimbo inayambanso.

Inali ya mawu a pansi, ndipo sanali mawu a munthu mmodzi. Anali ambiri, khamu, ngati amuna a mudzi wonse atanyamula maliro. Onse anacheukira Nkhanu. Kukamwa kwa Nkhanu kunali kotseka, kodzaza mchenga, ndipo maso ake anali tong'o ngati a wina aliyense. Nyimboyo inkachokera m'thumba la Vuwo.

"Si ine," ananong'ona Nkhanu. "Abale, ulendo uno si ine."

Mawu ena anavomera m'thumba momwemo, mawu a Amiyala, amene Nkhanu anali asanawaimbepo chibadwire. Thumba la mfumukazi linayamba kutukuka ndi kuphwa, kutukuka ndi kuphwa, ngati muli zinthu zosambira. Ndipo kuchokera kumunsi kwa mtsinje, m'kati mwa nkhungu, kunamveka timawu ta udzudzu. Achisanu anali atafika. Tsiku limenelo nyimbo ija inamveka yonse kwa nthawi yoyamba, oyambitsa, ovomera ndi otsiriza, mafuko awiri akufa ndi limodzi lamoyo, onse akufunsa funso limodzi. Inali yokoma, ndikuuzeni, yokoma mochititsa nthumanzi, ndipo panalibe amene anafuna kuimvanso.

Nyimbo inatha. Kunangoti zii, kamvula kokha. Mphipi bango linali litagwa kukamwa.

M'thumba la Vuwo munamveka kuomba. Pha. Pha. Pha. Dzanja lothyoka lija linayankha lokha.

Katumbu analowa m'maudzu, Ng'azi anakwera mtengo, mbalame zonse zinabalalika. Koma Nkhanu anazindikira chimene ena onse anaiwala: Achisanu amva katatu, akubwera, ndipo mono ukadali pachipata. Anadzuka. Anathamanga chammbali, akugwa, akudzuka, magazi akutsalira pamchenga, mpaka anagwera m'madzi. Anapeza luzi n'kuyamba kulidula ndi dzanja laling'ono lotsala. Luzi linali lonyowa, lolimba. Madzi anayamba kuda ndi misana ya nsomba.

"A kapitawo, ndithandizeni!" anakuwa.

Mphipi anali chiimire pabiyo, mapiko atatambasula, akungoti, "Sindinatenge kanthu ine, onani, ndilibe kanthu."

Nkhanu analuma luzi ndi kukamwa, anapana ndi dzanja, anapotokola thupi lonse. Mphuno ya chipsera ya Nachisanu itangofika pachipata, luzi linaduka. Madzi anakankha mono, unagubuduka n'kupita. Achisanu anadutsa pamsana pa Nkhanu, mimba zawo zozizira zikumukhula pabala, ochepa kwambiri moti akanatha kuwatchula mayina.

"Ana ali bwanji, mayi a pachipata?" anafunsa Nachisanu podutsa, monga mwa masiku onse.

"Ali bwino, mnzanga. Pitani."

Achisanu anafika kukasupe, anaikira mazira, ndipo anaswa. N'chifukwa chake mumtsinje umenewo mpasa zilimobe, zakuda, zowonda, za nthawi ya chisanu. Koma ana a Achisanu ndi Achisanu. Maudzu omira sanaonenso dzira, timiyala tinakhala ndi ndere yake, ndipo anthu a Vuwo amene kale ankadya katatu pachaka anayamba kudya kamodzi, miyezi ina yonse n'kumangoyasamula.

Vuwo anatseka mlomo tsiku limenelo, ndipo mpaka lero simudzamumva akulankhula. Amaopa chimene chingatuluke. Mphipi mukamuona pamtengo wa m'madzi atatambasula mapiko, musamayese akuuma. Akuonetsabe kuti alibe kanthu, ngakhale palibe amene akumufunsa.

Nkhanu dzanja linaphukanso, koma laling'ono, losafika pa linzake, moti sangathenso kuomba. Biyo linaola, chipata chinakhala mtsinje wonse, koma iye sanachokepo. Mvula yoyamba ikagwa, madzi akafiira, amakakhala pamalo pake paja. Ndipo amati pamsana pake pamadutsa mimba zofunda, zambirimbiri, zikumusisita, zina mpaka kumupatsa moni. Akakweza maso amaona madzi okhaokha. Kenaka mawu a pansi aja amayamba, kufunsa ngati njira ya kwawo ili yotsegula. Njirayo ndi yotsegula, yakhala yotsegula zaka zonsezi, ndipo Nkhanu amafunitsitsa kuwauza. Amatsegula kukamwa, koma anawauzapo kale zimenezo tsiku lina ali ndi mlomo wa Mphipi padiso, ndiye mawu amakana. Mukadzamutola m'mphepete mwa madzi mudzaona nokha, pakamwa pake pamangotuluka thovu.

Nthano yanga yalowa m'mono pamenepa. Wa dzanja lalitali akaionjole.